Fathom, mkwamba wa amalinyero

M'kope langa la mawu a Chingerezi, sabata ino ndachedwa pa liwu lakuti fathom. Ndi muyeso wa kuya kwa madzi, mapazi 6 kapena kuti mamita 1.83. M'Chingerezi chakale linkatanthauza manja otambasula, kuchokera kunsonga ya chala cha dzanja ili mpaka ya dzanja linalo. Ndi mkwamba womwe uja makolo ankayezera nsalu, kungoti amalinyero ankayezera chingwe.

Chingwecho chinkakhala ndi mtovu kunsonga. Munthu ankaima m'mbali mwa sitima n'kuuponya kutsogolo, ndipo ukagunda pansi iye ankafuula kuya kwake. Zizindikiro zake zinali zoti ngakhale usiku azizindikire pongokhudza: timizere tiwiri tachikopa pa mikwamba 2, kansanza koyera pa 5, kofiira pa 7, chikopa choboola pa 10. Kunsi kwa mtovuwo kunali kadzenje komwe ankamatamo mafuta a nyama, kuti potuluka ubwere ndi mchenga, matope kapena tizigoba, adziwe ngati nangula angagwire. Pa mtsinje wa Mississippi, akafuula kuti mark twain ndiye kuti pali mikwamba 2, sitima idutsa bwinobwino. Samuel Clemens, yemwe ankayendetsa sitima kumeneko, adatenga mfuwu umenewu kukhala dzina lake lolembera mabuku. Pa Machitidwe 27:28 napo, amalinyero a ngalawa imene Paulo adakwera adayeza n'kupeza mikwamba 20, kenaka 15, n'kudziwa kuti mtunda wayandikira.

Masiku ano makina ndiwo amayeza, ndipo mapu ambiri a panyanja ali m'mamita, ngakhale ena a ku America akadali ndi muyeso wakalewu. Liwuli latsala lamoyo makamaka ngati mneni. Apa m'pamene pamafunika kusamala, chifukwa madikishonale ang'onoang'ono amangoti ndi kumvetsa. Koma simungaligwiritse ntchito pofunsa mnzanu ngati wamva malangizo a mankhwala. Limafuna chinthu chakuya, chimene waponyamo chingwe kufuna kugunda pansi pake, makamaka mtima wa munthu ndi zifukwa zake. N'chifukwa chake nthawi zambiri limayenda ndi kukana. Mngelezi akati “I cannot fathom why she left”, sakudandaula za chilankhulo ayi. Akunena kuti waganiza mpaka mutu kuwawa, koma chimene chidamuchotsa mayiyo sakuchipeza. Unfathomable ndi chinthu chosafikirika pansi pake, monga chisoni kapena nkhanza zopitirira.

Ine ndimaliona loyenera m'chimangirizo kapena m'kalata kusiyana ndi pocheza wamba, pomwe “I don't get it” amakwanira. Katchulidwe nako kamapusitsa. Th wake ndi wofewa ngati wa mu father, osati wa mu think, pamene a woyambayo amamveka ngati wa mu fat.