Kuyeza ntchito ya thupi kwa mlimi wa ku Kasungu: pomwe mafunso a GPAQ amaterereka

Gawo la maphunziro a zaumoyo lomwe limaoneka lophweka pa bolodi koma n'kuvuta m'mudzi ndi la kuyeza mmene munthu amagwiritsira ntchito thupi lake. Malangizo a 2020 a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azichita ntchito yapakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena yolemetsa mphindi 75 mpaka 150, kuphatikizapo zolimbitsa minofu masiku awiri. Kuloweza zimenezi n'kosavuta. Nanga mayi wa ku Santhe amene walawirira kumunda ndi khasu, mphindi zake tiziwerenga bwanji?

Chida chofala ndi pepala la mafunso 16 lotchedwa GPAQ, lomwe limagwiritsidwanso ntchito mu STEPS, kafukufuku wa WHO wa zinthu zoyambitsa matenda osapatsirana. Kuno ku Malawi STEPS anachitika mu 2009 ndi 2017, ndipo wa 2009 ndiye anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera. GPAQ imafunsa za pa ntchito, za pa ulendo, za pa nthawi yopuma, kenako maola okhala pansi. Mayankho amasinthidwa kukhala MET. MET imodzi ndi mphamvu yomwe thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala phee. Ntchito yapakatikati imapatsidwa 4, yolemetsa 8, ndipo uchulukitsa masiku, mphindi ndi nambala imeneyo. Wofika 600 pa sabata ndiye kuti wakwanitsa mlingo wa WHO uja.

Tiyese ndi mayi uja. Akupanga mizere masiku 5, maola atatu tsiku lililonse. Wofunsa akalemba kuti n'njolemetsa, 5 × 180 × 8 ikupereka 7,200. Mnzake akalemba kuti n'njapakatikati, ikupereka 3,600. Munthu yemweyo, munda womwewo, koma nambala yadulidwa pakati chifukwa cha cholembera cha wofunsa. N'chifukwa chake ofunsa onse ayenera kugwirizana asanapite kumudzi: kugaula, kupalira, kubandira, kusinja, kupopa mjigo, chilichonse chiikidwe m'gulu lake. Njira yothandiza ndi ya mpweya. Ngati munthu akugwira ntchitoyo angathe kucheza koma sangathe kuimba, n'njapakatikati. Ngati akungotulutsa mawu awiri atatu n'kupuma, n'njolemetsa.

Mawu enieniwo nawonso amasokeretsa. Ukafunsa kuti “kodi mumachita masewera olimbitsa thupi?” bambo wa zaka 50 aseka, chifukwa kwa iye amenewo ndi mpira wa anyamata. Ukafunsa za “ntchito”, ena ayankha kuti “ine sindili pa ntchito”, akuganiza za ya malipiro a pamwezi, pomwe manja ali ndi zikang'a. Tchula ntchitozo mayina. Nthawi nayo siwerengedwa ndi wotchi: yankho limakhala loti “kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa paliwombo”. Wofunsa waulesi alemba maola 6. Wosamala afunsa kuti anapuma kangati, anadya nthawi yanji, ulendo wopita kumunda unatenga nthawi yaitali bwanji, popeza ulendowo uli ndi gawo lakelake ndipo suyenera kuwerengedwa kawiri. Malamulo a GPAQ amati yankho loposa maola 16 pa tsiku m'gawo limodzi litayidwe, ndiye kulemba mosasamala kumakutayitsa anthu.

Koma chomwe ndikuona kuti n'chachikulu kuposa zonse ndi mawu oti “sabata wamba”. Mlimi wa fodya wa ku Chamama alibe sabata wamba. Mu Seputembala ndi Okutobala akuthirira nazale ndi makheni m'manja. Mvula ikagwa akuwokera, kenako kupalira ndi kubandira, thukuta kamukamu. Ikafika nthawi yosoka ndi kusankha fodya, amakhala pansi m'chigafa tsiku lonse, zala zokha zikuyenda. N'chimodzimodzi ndi kuthothola mtedza kapena kutongola chimanga. Kafukufuku wa mu Januwale ndi wa mu Juni m'mudzi womwewo angakupatseni anthu awiri osiyana. Choncho mwezi wofunsira ulembedwe, ndipo ngati ndalama zilipo, anthu omwewo afunsidwe kawiri: m'dzinja ndi m'chilimwe.

Ena amati tithawire ku accelerometer, kachipangizo komangirira m'chiuno masiku 7. Nthawi zambiri amavomereza zotsatira ngati munthu wakavala maola 10 pa tsiku kwa masiku osachepera 4. Kamathetsadi vuto la kuiwala, koma kamamva kugwedezeka kwa chiuno basi. Wakabaza wokwera chitunda atanyamula matumba awiri a feteleza amaoneka ngati wakhala pampando. Mtsikana wosenza ndowa ya madzi malita 20, omwe ndi makilogalamu 20, amawerengedwa mofanana ndi woyenda chimanjamanja. Ndipo kachipangizo kachilendo pathupi kamabala mphekesera msanga, ndiye chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku monga NHSRC chisakuiwalitseni kukhala pansi ndi amfumu n'kukaonetsa poyera.

Pomasulira zotsatira pali msampha wina wakale. Mu 1953 Jeremy Morris anaonetsa kuti makondakitala a mabasi a ku London, omwe ankakwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse, ankadwala mtima mochepa kuyerekeza ndi madalaivala. Patapita zaka zochepa iye ndi anzake anakaona misinkhu ya mayunifolomu, n'kupeza kuti madalaivala anali onenepako kale poyamba ntchitoyo. Kwathu kuno msamphawu umabwera chonchi: ukapeza kuti osalima ali ndi BP yokwera, n'kutheka kuti anasiya khasu chifukwa chodwala, osati anadwala chifukwa chosiya khasu. Kufunsa kamodzi sikungasiyanitse ziwirizi. Pamafunika kutsata anthu omwewo kwa zaka, ndipo BP iziyezedwa mofanana nthawi zonse: munthu akhale pansi apume kaye, mkono ukhale molingana ndi mtima, lamba akhale wa msinkhu woyenera, ayezedwe katatu, n'kutenga pakati pa miyezo iwiri yomalizayo. Woyeza munthu amene wangotsika panjinga kuchokera ku Mtunthama akuyeza ulendowo.