Ndayamba kuphunzira kusambira ndili mayi wa ana atatu

Ambiri a ife amene tinakulira kumtunda, ku Dedza, Ntcheu, Dowa uko, kusambira sitidziwa koma sitinena. Timapita ku Salima kapena ku Mangochi pa zantchito, wekishopu ikatha madzulo tonse ulendo wa kumchenga, azibambo kupinda mabuluku azimayi kukwezako chitenje, madzi angofika m'maondo basi tajambulitsa, pa Facebook nkulemba kuti tadyerera kunyanja. Chaka chino nde ndinati zakwana, ndinakalembetsa maphunziro pa swimming pool ya pasukulu ina mu Lilongwe muno, Loweruka m'mawa anthu asanachuluke.

Kwathu lamulo la amayi linali limodzi, kumtsinje ukatunge, uchape, ubwerere. Ukafika pakhomo tsitsi lili lonyowa panalibenso mafunso, kamtengo kapichesi kanali pafupi. Sindiwaimba mlandu ayi, nthawi yadzinja kamtsinje koti dzulo umangodumpha lero kadzaza kakukokolola ndi mbuzi zomwe, nde kholo lingatani. Kungoti mantha aja amakuteteza ukakhala pamtunda pokha, tsiku loti bwato lagubuduzika ukupita kumaliro kutsidya sakuthandiza kanthu, mwinanso ndi amene amakumaliza. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ananena kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi padziko lonse, ndipo ukayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu kuno ku Africa nde kumene vutoli lili lalikulu kuposa zigawo zonse. Mpaka a United Nations anaika 25 July kukhala tsiku lokumbutsana zopewa kumira, koma kaya ndi angati timalidziwa.

Kochi wathu ndi mnyamata wa ku Nkhata Bay, akuti iye sakumbukira nkomwe kuti anaphunzira liti, anangozindikira akusambira. Ine ndinapita ndili ndi maganizo oti andionetsa kaponyedwe ka manja, iye nkuti "Amayi, lero sitisambira ayi, tingopuma." Ndinaona ngati ndalama zanga zapita. Anandiimika pamalo poti madzi amalekeza m'chiuno, manja agwire khoma, ndikoke mpweya ndi pakamwa, ndiviike nkhope, kenako nditulutse mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno ndikung'ung'udza kuti mmmm mpaka thovu lizituluka. Abale inu, chinthu chooneka chophweka chonchi koma thupi limakana, nkhope ikangokhudza madzi khosi limauma, mapewa akwera mpaka m'makutu, mtima uli thi thi thi, ndipo zala zinagwira khoma lija mwamphamvu moti potuluka zinali zitachita dzanzi.

Apa mpamene ndaphunzirapo kwambiri kuposa pena paliponse. Munthu wamantha akalowa m'madzi amabanika dala, amasunga mpweya poganiza kuti ndi umene umupulumutse. Koma chimene chimakupangitsa kumva ngati ukufa si kutha kwa mpweya wabwino kwenikweni, ndi mpweya woipa uja wa carbon dioxide umene ukuchulukana m'thupi chifukwa sukuutulutsa. Nde ukadzutsa mutu uli ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi, kutulutsa wakale ndi kukoka watsopano, nthawi yake palibe, mapeto ake wamwa madzi, wayamba kutsokomola, mantha awonjezeka. Ukatulutsiratu nkhope ili pansi, podzuka umangoti hap kamodzi wadzaza. Kochi amangobwereza mawu omwewo mpaka kutopetsa, "tulutsani amayi, tulutsani, musaumire mpweya si wogula."

Kuyandama chagada nde kunandizunguza mutu. Akuti gonani, makutu alowe m'madzi, yang'anani kumwamba, mchombo ukwere. Mapapo akadzaza mpweya ali ngati chigubu chotseka bwino chimene ana akunyanja amakumbatira posewera, samira wamba, bola thupi ulisiye. Vuto ndi mutu. Ukangoudzutsa kuti uone mapazi ako, chiuno chimatsika miyendo nkulowa pansi, iwe nkuyamba kuphiriphitha. Iye anaika dzanja kunsi kwa msana wanga nkumandifunsa za ana, ali sitandade chani, amakonda ndiwo zanji, ine ndikuyankha mano ali gwa, kenako ndinangomuona waima patali manja onse awiri ali m'mwamba akuseka. Ndinamira pompo chifukwa chodzidzimuka, koma ndinali nditayandama ndekha, zimenezo palibe angandilande.

Chinanso chimene sindinkachiganizira nkomwe ndi kaimidwe. Eti kudzuka kuchoka pogona m'madzi nakonso nkophunzira, ukokere maondo pachifuwa, manja akankhe madzi, mapazi apeze pansi kenako mutu udzuke pomaliza. Munthu wamkulu atha kumira pamadzi olekeza m'chifuwa chifukwa choti wagwa ndipo sakudziwa kuti apondenso bwanji. Nditangodziwa kuti nthawi iliyonse nditha kuima, mantha anachepa kwambiri, zamiyendo ndi manja zinabwera mosavuta kwenikweni, kungoti kumenya madzi kuyambire m'chiuno osati m'maondo, ndipo mawa lake ntchafu zimawawa zedi.

Manyazi nawo ndi phunziro palokha. Mbali inayo kuli tiana ta nasale tikudumpha ngati palibe chilichonse, kena kanabwera nkundifunsa kuti "Anti, inu simutha?" ndinangoti eya mwanawe sinditha, kanandiyang'ana mwachisoni nkundiuza kuti ndisaope. Zovala nazonso, ine kostyumu ija yosiya ntchafu pamtunda sindingayerekeze, ndimavala kabudula wothina wofika m'maondo ndi kamalaya kake, ndipo palibe amandiyang'ana, aliyense ali kalikiliki ndi madzi ake. Tsitsi nde musanamizidwe, kapu ija siletsa madzi kulowa, ndinamasula mesh nkuluka tamizere basi, chifukwa mankhwala a chlorine aja amaumitsa tsitsi ndi khungu lomwe, potuluka uyenera kusamba ndi kudzola bwinobwino. Bambo akunyumba poyamba ankati zachibwana, pano amandiperekeza koma amakhala m'galimoto ndi nyuzi, iwonso satha, akuti adzayamba kukatentha. Kwatentha kale.

Chimandiwawa ndi choti malo ophunzirira ndi ochepa, ambiri ali m'mahotela ndi m'masukulu olipira, mtengo wake si wamasewera ukaphatikiza ndi thiransipoti. Dziko loti nyanja yatenga mbali yaikulu chonchi, mpaka tili ndi achinyamata ngati Tayamika Chang'anamuno ndi Filipe Gomes amene anakatiimira pa Olympics ku Paris mu 2024, koma mwana wa ku Mtandire kapena ku Ndirande akafuna kuphunzira ndi kumadamu ndi m'maenje a njerwa, komwe kulibe womuyang'anira.

Kochi anatichenjezanso kuti tisatengeke, pool si nyanja. Mu pool muli khoma loti ugwire, pansi pakuoneka, madzi ali phee. Ku Senga Bay mwera ukayamba miyezi yozizira ija, cha mu June ndi July, mafunde amakumenya kumaso nthawi imene ukufuna kukoka mpweya, ndipo pansi pamatha kutsika mwadzidzidzi, nyanja yathuyi kumpoto imafika mamita 700 kuya kwake. Madzi ake ndi opanda mchere nde sakunyamula ngati a ku Beira kapena ku Durban. Pamalo a bango ndi madzi odikha pamakhala tinkhono tofalitsa likodzo, ukasewera pamenepo ndi bwino kukayezetsa, mankhwala ake praziquantel amapezeka. Pamathiriro a mitsinje ndi mu Shire nde za ng'ona musachite kufunsa ine, funsani asodzi apamalopo musanaviike ngakhale phazi. Kochi akuti kwawo wataya anzake odziwa kusambira kuposa iye, nchifukwa chake m'boti amavala life jacket ngakhale anthu amuseke.

Anatiuzanso kuti munthu amene akumira nthawi zambiri sakuwa, alibe mpweya wokuwira, amangoti mutu tumphu kenako pansi, pakamwa pali pamzere wa madzi, anthu pambali nkumaona ngati akusewera. Ndipo ife ongophunzira kumene tisadzayerekeze kudumphiramo kuti tikamupulumutse, adzatikakamira pakhosi nkupita naye limodzi. Umuponyere chigubu, umupatse nsungwi, kaya chitenje chomwe wavalacho iwe utagona chafufumimba pamtunda, uku ukukuwa kuitana anthu.

Panopa ndimatha kuwoloka pool m'mifupi mwake osaima, kupumira kumanja kukutheka koma kumanzere ndikumwabe madzi. Loweruka likubwerali akuti tikupita mbali yakuya kukaphunzira kuima m'madzi osaponda pansi, ndipo ndamuuziratu kochi kuti ndodo yake yaitali yovuulira anthu ija ikhale m'manja osati pakhoma.