Bodza la pa rodiblok limadula kuposa faindi

Aliyense amene amakwera tumagalimoto ta anthu wamba pa Great East Road, kuchoka Chipata kupita ku Katete kapena ku Sinda, mawu awa amawadziwa: "Akatiimitsa munene kuti ndife achibale, tikupita ku maliro." Dalaivala amanena akuyang'ana pagalasi, ndalama zanu ali nazo kale m'thumba, ndipo tonse timangoti eee ngati palibe kanthu. Galimoto ilibe mapepala onyamulira anthu olipira, mwini wake akudziwa, ndiye akufuna mumuthandize kunama.

Chimene ambiri sitiganizira n'chakuti pa rodiblok pali milandu ya mitundu iwiri ndipo siyofanana ata pang'ono. Road tax yatha, fitinesi yatha, inshuwalansi palibe, lamba sunamange, wadzaza anthu kupitirira, imeneyi ndi milandu ya pamsewu, ili mu Road Traffic Act ya 2002, lamulo lomwe lija linakhazikitsa RTSA, bungwe la boma loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu. Yambiri mwa iyo imathera pa ndalama, umavomera kulakwa, amakulembera, umalipira, akupatsa risiti, basi wapita. Zimawawa inde makamaka mwezi ukakhala pakati, koma zimatha.

Bodza lili kwina. Limalowa mu Penal Code, Chapter 87 ya malamulo a Zambia, buku lomwelo muli milandu ya kuba ndi kumenya anthu. M'menemo muli mlandu wouza wogwira ntchito ya boma zinthu zimene ukudziwa kuti n'zabodza n'cholinga choti achite kapena asachite zomwe akanachita akanadziwa zoona, ndipo wapolisi wa traffic ndi wogwira ntchito ya boma ameneyo. Lamuloli silinena kuti dalaivala yekha ayi, limanena aliyense. Ndiye mayi amene wakhala kumbuyo ndi thumba la nshawa n'kuyankha kuti "eya bwana, awa ndi alamu anga," naye walowamo, pa galimoto yosakhala yake, pa ndalama yomwe sadyako.

Ndinaonapo zina pa rodiblok ina njira ya ku Lundazi. Mnyamata woyendetsa ka minibasi anapereka laisensi, wapolisi anaitenga, anayang'ana chithunzi, anayang'ana mnyamata, anayang'ananso chithunzi, kenako mwaulemu ndithu anangoti "a dalaivala, munabadwa chaka chanji?" Mnyamata uja anayamba kuwerenga zala pansi pa stiyeringi. Laisensi inali ya mkulu wake, amafanana mphuno basi. Anamutsitsa, kiyi anatenga, ife tinakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti abwere dalaivala wina, azimayi ena akukalipa kuti tomato wawo akupsa ndi dzuwa. Akanangonena kuti alibe laisensi ukanakhala mlandu umodzi. Apa anawonjezapo wina wodzitcha munthu amene si iye, womwenso uli mu Penal Code, ndipo mkulu wake amene anali kunyumba osadziwa kanthu (kapena ankadziwa, kaya) dzina lake linalowa m'buku la apolisi.

Zoipa kwambiri ndi mapepala opanga. Kadisiki ka fitinesi kapena ka inshuwalansi kosindikiza kuseri kwa shopu, laisensi yogula kwa "munthu wodziwa njira." Kupanga pepala labodza ndi mlandu waukulu, chilango chake chimafika zaka 7 m'ndende likakhala pepala la boma, ndipo amene wangolionetsa akudziwa kuti ndi labodza lamulo limamutenga chimodzimodzi ndi amene analipanga. Masiku ano zambiri za galimoto zili mu kompyuta ya RTSA, nambala puleti yokha imaulula mwini wake, ndiye bodza lomwe linkagwira kale pano limagwa msanga.

Nanga ija ya "bwana tingokambirana, nayi ya madzi"? Anti-Corruption Act ya 2012 imagwira onse awiri, wopereka ndi wolandira, ndipo chilango chimatha kufika zaka 14. Ndikudziwa wina awerenga apa n'kuseka kuti aaa zimachitika tsiku lililonse palibe amamangidwa. Mwina. Koma tsiku lomwe udzakumane ndi wapolisi wosafuna zimenezo, kapena a ACC, bungwe lothana ndi ziphuphu, atatchera pafupi, K50 ija ndi imene idzakhale umboni pa tebulo la majisitireti.

Ine sindine loya, komanso sindikunena kuti uzingoulula zonse ngati uli pa kulapa kutchalitchi. Kukhala chete ndi kunama n'zosiyana. Dzina lako lenileni, laisensi, mapepala a galimoto, izi wapolisi wovala yunifomu ali ndi mphamvu yokufunsa ndipo upereke zoona. Koma akayamba mafunso oti udzimange wekha, Constitution yathu imati munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ukhoza kunena mwaulemu kuti "bwana, pamenepo sindiyankha, ndifuna ndionane ndi loya kaye." Sadzakondwera, nkhope idzasintha, koma sunapalamule mlandu watsopano. Pomwe ukati "sindinamwe ngakhale dontho" kenako n'kukupatsa kamakina kopumiramo kaja, ndiye kuti zonse zomwe unganene pambuyo pake palibe adzazikhulupirire, ngakhale zoona.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi anyamata a njinga zamoto omwe adzaza ku Kapata ndi m'misewu yonse ya mu tauni ya Chipata. Ambiri ndi ana ang'ono, ena angomaliza Grade 12, akagwidwa opanda laisensi kapena helemeti amathamangira kutchula dzina labodza poganiza kuti zithera pomwepo. Khoti likakupeza wolakwa pa mlandu wa mu Penal Code zimalembedwa, zala anadinda kale, ndipo mawa ukafuna ntchito ya usilikali, ya uphunzitsi kapena yoyendetsa thiraki yodutsa pa Mwami kupita ku Malawi, akakuuza kuti bweretsa police clearance, nkhani ya helemeti ija idzatulukira pamenepo.