PS yatsopano chaka chilichonse ingatipweteke kuno ku Kasungu

Pakompyuta, gemu ikayamba kukoka mwendo umachotsa khadi ya zithunzi n'kuika yamphamvu, kapena umawonjezera RAM, memori imene makina amagwiritsa ntchito gemu ikamayenda. Ndiye ambiri amafunsa kuti bwanji PlayStation ndi Xbox osakhalanso chimodzimodzi, kuti chaka chilichonse tizisintha zam'kati. Yankho langa ndi ayi, ndipo chifukwa chake chikuoneka bwino m'tizipinda tosewerera magemu ta pa Kasungu boma, Santhe kapena Chinkhoma, momwe anyamata amalipira kuti amenye mpira wa mphindi zochepa pa PlayStation 4 (PS4) yogulidwa kwa mwini wachitatu.

PS4 inatuluka mu November 2013 ili ndi RAM ya 8GB, ndipo imene inagulidwa tsiku limenelo ili ndi RAM yofanana ndi imene inagulidwa patapita zaka zisanu. Wopanga gemu amadziwa makina amene akuwalembera, amawafinya mpaka dontho lomaliza, ndipo wogula safunsa ngati chimbale chigwire pa makina ake. Zotsatira zake n'zakuti makina amakhalitsa. PS3 ya 2006 inalandirabe FIFA 19 mu 2018. PS4 inalandira EA Sports FC 25 mu 2024, patatha zaka 11. Makina ambiri amafika kuno atagwira kale ntchito ku Joni kapena ku Ulaya. Akanakhala kuti amatha mphamvu pakatha zaka ziwiri, bwenzi akutipeza ali zinyalala.

Zowonjezera mphamvu zinayesedwapo kale. Sega inatulutsa 32X mu 1994, chipangizo chosomeka pamwamba pa Mega Drive. Ochigula anali ochepa, opanga magemu anaona kuti palibe msika, magemu ake anachepa, chinthucho n'kufa. Nintendo 64 inali ndi Expansion Pak yokweza RAM kuchoka pa 4MB kufika pa 8MB, ndipo magemu ena sankayaka n'komwe popanda iyo. Osewera akagawanika pawiri, mbali imodzi imasiyidwa.

Sony inaphunzirapo, n'chifukwa chake PS4 Pro ya 2016 ndi PS5 Pro ya 2024 zilibe magemu awoawo. Zimangokongoletsa zithunzi za magemu omwewo. Koma taonani TV imene ili m'nyumba zambiri kuno: mainchesi 32, yosafika pa 4K, mlingo wapamwamba wa kuoneka bwino kwa zithunzi. Pa TV yotere, ndalama zambiri za Pro zimangopita padera. Ndiponso PS5 Pro inatuluka pa madola 699.99 ilibe polowetsa chimbale. Kwa ife amene timabwerekana zimbale ndi kugula zakale, gemu imodzi ya 50GB kapena kuposa pamenepo kuikoka ndi bandulo ya pafoni ndi chilango.

Nkhani ina ndi magetsi, ndipo anthu amaiiwala mpaka atagula. Pa chizindikiro cha PS4 Slim, mtundu waung'ono wa PS4, palembedwa 165W, pa PS4 Pro 310W, pa PS5 yoyamba ya chimbale 350W. Posewera sizifika pamenepo, koma kusiyana kulipobe: Slim imadya zosakwana 100W, PS5 pafupifupi 200W. Batire ya sola ya 12V 100Ah imasunga 1,200Wh, ndipo ngati ndi ya asidi muyenera kugwiritsa theka lokha kuti isafe msanga. Pa 600Wh, Slim ndi TV yaing'ono zingakupatseni maola anayi. PS5 awiri ndi pang'ono. Kwa wabizinesi, maola awiri otsalawo ndi makasitomala obwerera pakhomo.

Chimene n'choyenera kusintha ndi posungira magemu, ndipo opanga anasiya khomo limenelo lotsegula. PS4 imalandira hard drive kapena SSD (chosungira chothamanga kuposa hard drive) ya mainchesi 2.5, yosapitirira 9.5mm kuchindikala kwake. Yambani mwakopera ma save anu pa fulashi. Thimitsani makina kotheratu, osati kuwagoneka, ndipo zulani chingwe. Pa Slim, chotsani kachivundikiro ka pakona yakumbuyo, masulani sikulu imodzi, kokani kabokosi, kenako masulani masikulu anayi ogwira hard drive. Mukaika yatsopano, makina amakhala opanda kalikonse m'mutu. Pa fulashi ya FAT32 pangani foda ya PS4, m'kati mwake foda ya UPDATE, ndipo muikemo fayilo ya PS4UPDATE.PUP yochokera patsamba la Sony. Somekani fulashiyo pa PS4, lumikizani padi yosewerera ndi chingwe cha USB, dinikizani batani loyatsira mpaka makina alire kachiwiri, patatha masekondi asanu ndi awiri, musankhe nambala 7. Pamene ambiri amagwa ndi apa: patsamba la Sony pali mafayilo awiri a dzina limodzi, ina yaing'ono yongokweza pulogalamu, ina yaikulu yoikiratu zonse mwatsopano, imene ndiyo ikufunika apa. Mukatenga yaing'onoyo makina amaikana. Mayina a mafoda akhalenso a zilembo zazikulu zokhazokha, ndipo ngati kompyuta yawonjezera nambala kumapeto kwa dzina la fayilo chifukwa munaikoka kawiri, ifufuteni. Musayembekezere liwiro la pakompyuta, chifukwa njira ya m'kati mwa PS4 ndi yopapatiza, koma kudikira kumachepa ndithu, ndipo SSD ilibe mbale yozungulira yoti ivulale makina akagwedezeka.

PS5 ili ndi malo a M.2 SSD ya PCIe Gen4, kuyambira 250GB mpaka 8TB. Sony imalangiza ya liwiro la 5,500MB pa sekondi kapena kuposa, yokhala ndi kachitsulo kochotsa kutentha.

PS4 yambiri imene mwini wake akuti yakalamba ndi yongotsamwa ndi fumbi. Mu September ndi October, fumbi la Kasungu limalowa paliponse, limamata pa fani ndi pa timapepala tachitsulo tochotsa kutentha, fani n'kumalira ngati chigayo mpaka makina azime okha. Akwezeni pathebulo, asiyireni mpata wa masentimita 10 kumbuyo ndi m'mbali, ndipo musawafunditse nsalu akuyaka. Popemerera fumbi gwirani fani ndi chala isazungulire. Ngati ikulirabe, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa, ubongo wa makina, lauma. Lipukuteni ndi mowa wa isopropyl n'kuika latsopano, kadontho konga nsawawa yaing'ono. Zimenezi musayese pa PS5, chifukwa mmenemo muli chitsulo chamadzimadzi chimene chikadonthera pa bolodi chimaotcha zonse.

Magetsi akathima gemu ikusunga, PS4 imatha kuyamba kuuma kapena kudandaula kuti mafayilo awonongeka. Lowani m'njira yomwe ija ya kulira kachiwiri, koma musankhe nambala 5, Rebuild Database, imene sifufuta magemu anu. Nambala 6 ndi 7 zimafufuta zonse, choncho yang'anitsitsani musanadinikize. Ndipo magetsi akangothima zulani pulagi kukhoma, chifukwa pobwerera ndi pamene amaotcha power supply, chipangizo cholandira magetsi m'makinamo.