Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Amene Anakuwa Kuti "Ndalapa" Sanali Wakubayo

Gawo lathali ndinalekeza pamene tinaika bambo m'manda, ine n'kusiya sukulu ndili Fomu 2. Gawo lino ndakhala ndikulizengereza, kulemba n'kufufuta, chifukwa m'nkhani zonse zimene ndakusimbirani kale ine ndinali wolakwiridwa, koma muno wolakwayo ndine.

Amene munalipo m'chaka cha 2002 simufunika kuuzidwa za njala. Kwathu kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, nkhokwe zambiri zinali mbee Khirisimasi isanafike. Tinayamba kudya kamodzi pa tsiku, kenaka tinalowa madeya, madeyawo atasowa amayi anayamba kukumba zitsa za nthochi, kuzidula tizidutswa, kuyanika, n'kusinja. Nsima yake inali yoderako ndipo inkatipweteka m'mimba usiku wonse. Amene anali ndi mphamvu ankawoloka msewu kukagwira ganyu m'minda ya ku Angonia kuti apatsidwe kambale ka ufa. Pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza kumapeto kwa Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi ya njala, ife makutu anali atazolowera kale kulira kwa maliro.

Nthawi imeneyo n'kuti chimanga chitangoyamba kukhwima m'minda. Mondokwa umodzi unali moyo wa munthu. Eni minda ankagona komweko ndi zibonga ndi zikwanje, ndipo munthu akagwidwa akuthyola, za kupolisi panalibe.

Ndinali ndi zaka 17. Usiku wina kukuwaza kamvula, ndinatenga thumba n'kukalowa m'munda wa mdala wina wa m'mudzi woyandikana nafe. Ndinathyola mpaka thumba linafika pakati. Pobwerera njala inandikanika kupirira, ndiye ndinapatukira kuseri kwa khola la ng'ombe lomwe linali m'mphepete mwa dambo. Pamenepo panali chikuni chosazima bwino chimene mnyamata woweta ng'ombezo ankaothera. Iye anali m'tulo m'kachisakasa kake. Ndinawotcha mondokwa utatu, kudya mosatafuna bwino, makoko ndi zitsononkho n'kuzisiya pomwepo. Chotsalacho ndinakapereka kwa amayi, n'kuwanamiza kuti ndalipidwa pa ganyu kutsidya. Anayamika Mulungu asanadye, ine ndili pomwepo maso otseka.

Mnyamata uja anali wocheperapo kwa ine. Amayi ake anabwera kuno m'zaka za m'ma 1980 pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anzawo atabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992, iwo anatsala chifukwa amuna awo anagona m'manda akuno. Analibe m'bale woti awayankhulire pa mlandu. Kutacha eni munda analondola mapazi mpaka pakhola paja, n'kupeza makoko.

Ndinamva phokoso, ndipo ndinapita. Ndikufuna mumve bwino mawu amenewa: ndinapita, ndinaima m'gulu la anthu, ndinaonerera. Poyamba mnyamatayo ankakana, akulumbira kuti sanathyole. Zibonga zitamuchulukira anasintha, anayamba kukuwa mmene mwana aliyense wa kwathu amakuwira akamakwapulidwa: "Ndalapa! Ndalapa, sindidzachitanso!" Mkono wake wakumanja unathyoka pakati pa chigongono ndi dzanja. Kubwalo la anyakwawa amayi ake analipitsidwa mbuzi, imodzi yokhayo imene anali nayo. Ine pakamwa panga panali fungo la chimanga chomwecho, koma sindinatsekule.

Njala inatha, tinakolola, moyo unapitirira. Ndinalowa kalasi kumpingo kwathu kwa CCAP, m'Sinodi ya Nkhoma, ndinaloweza mafunso ndi mayankho a katekisma, ndinalandiridwa kukhala Mkhristu wodya Mgonero, ndinalowanso kwaya. Chiphunzitso cha tchimo ndinkachidziwa bwino moti ndikanatha kuphunzitsa ena. Ndinkadziwa kuti tchimo si kuba ndi chigololo zokha ayi, koma mtima wopandukira Mulungu umene tonse tinabadwa nawo kuchokera kwa Adamu. Aroma 3:23 ndinkainena osayang'ana m'buku: onse anachimwa, naperewera pa ulemerero wa Mulungu. Ndipo vesi imeneyi, yomwe inalembedwa kuti ititsitse, ine ndinaisandutsa bulangeti. Ngati onse anachimwa, ndiye kuti ine ndili ngati wina aliyense. Ndikamapemphera ndinkati, "Mutikhululukire machimo athu onse, odziwa ndi osadziwa." Tchimo langa linali ndi tsiku lake, malo ake, ndi munthu wake wamoyo, koma ndinkaliponya mu mulu wa "onse" kuti lisaoneke nkhope.

Ndinalinso ndi pobisala pena. Mu Salmo 51 Davide akuti kwa Mulungu yekha ndi kumene anachimwira. Ndiye ndinkadziuza kuti nkhani iyi ndi ya ine ndi Mulungu wanga, tinathana kale. Ndikapanikizika ndinkati inali njala, ndani sanachite zachilendo chaka chimenecho? Koma mtima sunkavomera. Njala ikanatha kundiyankhulira pa thumba la chimanga lija, mwina. Nanga pamene ndinaima m'gulu muja ndili wokhuta, inali njala yanji? Loweruka lililonse lokonzekera Mgonero, abusa akamati aliyense adziyese yekha asanadye mkate ndi kumwera chikho, ndinkatuluka thukuta ngakhale m'mwezi wa Juni, pamene kwathu kumazizira mpaka zala kuuma. Davide yemweyo mu Salmo 32 akunena kuti pamene anakhala chete mafupa ake anakalamba. Zimenezo ndinazimva m'thupi mwanga kwa zaka 9.

M'chaka cha 2011 ndinali nditapeza ntchito m'sitolo ina ku Lilongwe. Tsiku lina ndikupita kukaona amayi, ndinatsika minibasi pa Lizulu kuti ndigule ndiwo. Amene mumadutsa pamenepa mukudziwa mmene pamakhalira: milu ya kabichi, ndowa za kachewere, tomato, anyezi, karoti, mavenda akuthamangira galimoto iliyonse yoima. Ndinawerama pa mulu wina wa kachewere, ndipo wogulitsayo atatambasula dzanja kuti andithirire m'jumbo, ndinaona mkono wopindika ngati mpini wa khasu wolakwika posema. Ankanyamula ndowa ndi dzanja lamanzere, lamanjalo likungothandizira. Anandizindikira iye poyamba. "Aa, achimwene, mwasowatu! Za kutauni?" Anasekerera, anafunsa za amayi, ndipo atatha kuyeza anatapanso kachewere wodzaza dzanja n'kuwonjezera. "Basela, wakwathu sagula ngati mlendo."

Kachewere ameneyo sindinamudye. Usiku womwewo ndinapita kwa amalume, omwe anali mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri. Ndinawapeza akuotha moto m'khitchini, Baibulo lawo lachikuto chong'ambika lili pampando, lomasulira lakale lija limene linatuluka koyamba mu 1922. Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, kuyambira pa thumba mpaka pa basela. Aka kanali koyamba kuti mawu akuti "ndinaba ndine" atuluke pakamwa panga. Ndinalira ngati mwana. Iwo anandisiya ndilire, akusonkhezera moto. Nditatonthola ndinati, "Amalume, mundipempherere kuti Mulungu andikhululukire."

"Ndikupempherera, mphwanga," anatero. "Koma ndikufunse kaye. Mkono umene unathyoka uja ndi wa Mulungu?"

Ndinati ayi.

"Nanga mbuzi ija inachoka m'khola la ndani?"

Ndinayesa kutchula Salmo 51 ija. Anagwedeza mutu n'kunena kuti Davide ananena zoona, pakuti tchimo lililonse limayamba lanyoza Mulungu lisanapweteke munthu. Koma anandikumbutsa kuti Davide sanayimbe salmo imeneyo asanamve mneneri Natani akumuloza chala, kumutchulira dzina la Uriya ndi za mkazi wake. Kenaka anatsekula Mateyu 5, ndime 23 ndi 24, n'kundipatsa kuti ndiwerenge ndekha pa kuwala kwa moto. Pamenepo Yesu akuti ngati wafika ndi chopereka paguwa, n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye choperekacho pomwepo, upite ukayanjane naye kaye. Amalume anati, "Iwe wakhala ukubwera paguwa zaka zonsezi, kudumpha munthu amene wagona pakhomo."

Usiku umenewo anandiphunzitsa zimene kalasi inandiphunzitsa kale koma sindinazimve. Anati kulira si kulapa. Yudasi analira chisoni, ndalama anabweza, koma sanabwerere kwa Ambuye wake. Petulo analira n'kubwerera. Anati pali chisoni chochokera kwa Mulungu chimene chimatembenuza munthu, ndipo pali chisoni cha dziko lapansi chimene chimangomudya, monga Paulo akunenera pa 2 Akorinto 7:10. Changa cha zaka 9 chinali chachiwiricho: mantha oti ndingadziwike. Ananenanso za Zakeyu wa ku Yeriko, yemwe atalandira Yesu m'nyumba sanathere pa kukondwa, koma analonjeza kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda. Anachenjeza kuti ndisaganize kuti kubwezako ndiko kumagula chikhululuko, pakuti chimenecho anagula ndi Khristu pamtanda, ndipo 1 Yohane 1:9 ikulonjeza kuti tikavomereza machimo athu Iye ndi wokhulupirika kutikhululukira. Kubweza ndi chipatso chake, umboni woti mtima watembenukadi. Patapita nthawi mnzanga wina Mkatolika wa ku Bembeke anandiuza kuti nawonso akakaulula tchimo la kuba kwa bambo mfumu, amauzidwa kuti akabweze cha mwini. Pamenepa mipingo yathu siisiyana.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi liwu lomwelo loti kulapa. M'chinenero chathu timaliphunzira pansi pa chikwapu. Mwana amati "ndalapa" kuti ululu uleke, kaya walakwa kaya sanalakwe. Ambirife timakula nalo choncho mpaka kutchalitchi, kumauza Mulungu kuti talapa kuti angotisiya. Koma tsiku lija pakhola, amene anakuwa liwu limeneli anali wosalakwa, ndipo mwini tchimo anali chete. Kuyambira nditazindikira zimenezi sinditha kulitchula mopepuka.

Amalume anati nkhaniyi idzafikanso kwa akulu ampingo, ndipo ndikhale wokonzeka kuimitsidwa Mgonero ngati adzaweruze motero. Koma choyamba chinali kwa mwini mkono. Ndinawapempha kuti andiperekeze. Anakana. "Kumunda kuja unapita ndi ine?"

Kutacha ndinalawirira kumsika mavenda asanachuluke. Kunali nkhungu, ndipo ndinamupeza akutsitsa matumba pa ngolo. Ndinamupempha kuti tipatuke pang'ono, tinakaima kuseri kwa magolosale. Mawu onse amene ndinakonza usiku anathawa. Ndinangoti, "Achimwene, chimanga chija cha 2002 ndinaba ndine. Ndinawotchera pamoto wanu. Pamene ankakumenyani ndinalipo, ndipo sindinanene. Ndakulakwirani inu ndi amayi anu." Ndinagwada pamatope pomwepo.

Sanayankhe kwa nthawi yaitali. Nkhope ija yosekerera dzulo lake inali itauma gwa. Ankasisita mkono wopindikawo ndi dzanja linalo, ndipo sindikudziwa ngati ankazindikira kuti akutero. Kenaka anati, "Dzukani, anthu angaone."

Ndinadzuka. Ndinamuuza kuti ndikufuna kubweza mbuzi, osati imodzi koma zinayi, ngakhale zinditengere chaka. Anandidula mawu.

"Za mbuzi zisiyeni kaye. Mukudziwa kuti amayi anga mpaka lero amakhulupirira kuti ndinaba? Ndinawauza kuti sindinabe, koma anandimva ndikukuwa kuti ndalapa pamaso pa mudzi wonse. Anasiya kupita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Kuchitsime ankatchedwa make wakuba."

Izi sindinaziganizirepo ngakhale kamodzi m'zaka zonse zija. Ndinkawerengera mkono ndi mbuzi basi. Sindinkadziwa kuti ndinaberanso mayi chikhulupiriro chake pa mwana wake yekhayo.

Ndinamufunsa ngati angandikhululukire. Anayang'ana ku matumba ake, kumene kasitomala anali atayamba kale kuitana.

"Zimenezo sindingakuyankheni lero," anatero. "Mubwere kunyumba Lamulungu masana. Zimene mwandiuzazi mukazinene pamaso pa amayi, amve ndi makutu awo. Mubwerenso ndi amayi anu, poti nawonso anadya nawo."

Ndinakwera phiri kubwerera kumudzi miyendo ikunjenjemera. Amayi ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero, akuyimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Atandiona anasuntha kuti ndikhale pamkeka, n'kufunsa chifukwa chimene mawondo a buluku langa analili ndi matope. Zimene ndinawauza, ndi zimene zinachitika Lamulungu lija, ndidzakusimbirani m'gawo 7.