Makirediti anga afika ku Texas atawonda

Ndafika pakhomo cha m'ma 4 koloko ndipo mpaka pano nsapato sindinavule. Ndangokhala pampando wa m'khitchini ndi pepala lomwe andipatsa ku yunivesite kuja, ndikungoliyang'ana ngati lisintha lokha. Usiku uno ndili pa shifiti ya 11, ndimayenera kukhala ndagona kale koma tulo tabalalika, ndiye ndati bola ndilembe mwina mtima ukhala pansi.

Mayi wa adivaiza uja sanali woipa ayi, ndisamunamizire. Anandilandira bwino, mpaka kundifunsa kuti dzina langa amalitchula bwanji, nkuyesera kawiri konse. Kenako anatembenuzira kompyuta kwa ine kuti tiziona tonse. Transcript yanga, pepala la makosi ndi magiredi, ya ku community college (koleji ya zaka ziwiri) ya ku state ya Washington inali pamenepo, zaka zitatu za moyo wanga pa tsamba limodzi ndi theka, makirediti 75, mapointi aja amakupatsa ukakhoza kosi. Ine ndinali nditawerengetsera kale kunyumba kuti digiri imafuna 120, ndiye 120 kuchotsa 75 kwatsala 45, chaka ndi theka basi ndavala gauni. Ndinafika ndi masamu amenewo m'mutu, mpaka ndinali nditadzola lipisitiki.

Choyamba anati, makirediti anuwa ndi a kota, ife kuno timawerenga a semesita. Ndinati eya ndikudziwa, koma kunena zoona sindimadziwa kuti zikutanthauza chani pa thumba langa. Ku Washington makoleji ambiri amagawa chaka m'makota a masabata 10 kapena 11, kosi imodzi imakhala makirediti 5. Kuno semesita ndi yaitali, masabata 15 kapena 16, kosi ndi makirediti 3. Ndiye akamasintha amatenga magawo awiri mwa atatu. Kosi yanga ya 5 ija ikafika kuno ndi 3.33. Chabwino, zimenezo nzomveka, palibe wandibera, koma kuona 75 ikusanduka 50 pa sikirini maso ako akuona, m'mimba munangoti thibu.

Ndiye anayamba kudula. Makosi awiri oyambirira aja, masamu ndi chizungu zokonzekeretsa, zomwe nambala yake siifika 100, anati amenewa sawerengedwa kulikonse, si a mulingo wa koleji. Ndinalipira ndalama zanga zenizeni pa makosi amenewo, ndimachokera ku ntchito 7 m'mawa nditasambitsa agogo asanu ndi atatu nkukakhala m'kalasi 9 koloko maso ali psuu. Sawerengedwa. Kenako kemisitiri. Kumene kuja magiredi amalemba manambala, 2.0 ndiye C, ine ndinapeza 1.6. Anati apa timafuna C kupita m'mwamba. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti kota imeneyo ndi imene mwana anagonekedwa m'chipatala sabata yathunthu ndipo labu ripoti ndimalembera pa bondo mu kolido, koma ndinadzigwira, angatani nazo mayi wa eni. Pamapeto pake 60 a kota, kutanthauza 40 a semesita.

Ndikanapirira 40 yo. Chomwe chandikhala pakhosi mpaka pano ndi mawu oti elective.

Anafotokoza kuti mayunivesite a boma ku Texas kuno ali ndi core curriculum ya makirediti 42, chizungu, masamu, sayansi, hisitole, za boma, zaluso ndi zina zotero, ndipo munthu akamaliza 42 yo pa koleji ya boma ya konkuno, imasamuka yonse ngati mtolo umodzi, yunivesite ina ya boma siingakane. Koma inu mwachokera kunja kwa state, ndiye tiziona kosi imodzi imodzi. Ndipo ndimomwe anachitira, ngati mayi akusankha tomato pa Lizulu, uyu inde, uyu ayi, uyu mwina. ENGL& 101 yalowa, yakhala ENGL 1301. Kachizindikiro ka & kaja ku Washington kamatanthauza kuti kosiyo ndi yofanana m'makoleji onse a m'state muja, ndimakanyadira kwabasi, kuno kalibe ntchito. Saikoloje yalowa. Hisitole ya Pacific Northwest, yomwe ndinaikonda kuposa zonse ndipo ndinapeza 3.8, anati imeneyi ikhala elective. Ndinafunsa kuti ndiye kuti yatayika? Anati ayi siinatayike, ili pompo, kungoti siikutseka dzenje lililonse pa digiri yanu. Eeh. Ili pompo koma siikugwira ntchito. Ngati ndalama zakale zija zomwe amayi amasunga m'chitini cha bisiketi.

Kenako anati ndipo mufunika Texas Government. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iye sanaseke. Lamulo la state ino limati aliyense wotenga digiri pa yunivesite ya boma aphunzire makirediti 6 a za boma, kuphatikizapo malamulo oyendetsera dziko la America ndi a Texas yemwe, komanso makirediti 6 a hisitole ya America. Ya boma la America ndinapanga kale, POLS& 202, imeneyo alandira. Koma GOVT 2306, Texas Government yo, palibe kuthawa. Ndiye ine mwana wa ku Ntcheu, wofuna kukhala nesi, ndikhale pansi miyezi inayi kuloweza kuti aphungu a ku Austin amakumana kamodzi pa zaka ziwiri kwa masiku 140, ndi konsitityushoni yawo ya 1876 yomwe aisintha kopitilira ka 500. Sindikuti nzachabe, mwina ndidzaikonda ngati ya Pacific Northwest ija, nayonso ndinalowa monyinyirika. Koma ndalama zake nanga.

Apa mpomwe ananena chinthu chomwe chinandiseketsa ndi kundiliza pakamodzi. Anatsitsa mawu nkuti, ndikanakhala inu sindikanalipira makosi amenewa kuno, pitani ku community college ya pafupi, mukapange Government ndi hisitole kumeneko motchipa, manambala ake ndi ofanana state yonse, mudzabwere nazo. Ndiye kuti ndachoka ku community college, ndayenda ulendo wa masiku anayi pa galimoto ndi matilesi pamwamba, kuti ndidzauzidwe kuti ndibwerere ku community college. Ndipo poti sindinakwanitse miyezi 12 ndili ku Texas, fizi andilipiritsa ya munthu wakunja kwa state. Tinafika mu Ogasiti. Werengani nokha.

Bambo a kunyumba nditawaimbira pa pakingi anangoti, nanga si ndinakuuza kuti umalize kaye DTA tisanasamuke. Ndinadula foni. DTA yo ndi digiri ya zaka ziwiri ya makirediti 90 a kota yomwe mayunivesite a ku Washington amailandira yathunthu, koma ndi pangano la ku Washington komweko, Texas ilibe nalo gawo, ndiye ngakhale ndikanamaliza Texas Government ikanandidikirabe pakhomo. Ndipo amene anapeza ntchito ku Dallas nkuti tinyamuke mwezi womwewo ndi ndani? Sindikufuna kuyambitsa zimenezo usiku uno. Abwera ndi nkhuku ya ku shopu ngati kupepesa, ndikuwadziwa.

Pali achemwali ena a ku tchalitchi omwe anandiuza kale kuti usadabwe, ofesi ya boma la America yotchedwa GAO inapeza mu 2017 kuti ophunzira akamasamuka sukulu amataya pafupifupi 43 peresenti ya makirediti awo. Nthawi imeneyo ndinangoti aaa amenewo ndi osatsata zinthu, ine mapepala anga ali mu fayilo ya pulasitiki, mwadongosolo. Lero ndawakumbukira achemwali aja, ndiwaimbira Lamulungu ndikawagwadire.

Bayoloje ndiye ili lende. Mayi uja anati dipatimenti ikufuna kuona silabasi kuti idziwe ngati labu yake ikufanana ndi yawo. Silabasi ya 2022! Canvas ya kosi imeneyo, tsamba la pa intaneti lomwe aphunzitsi amaikapo zinthu za kosi, inatsekedwa kalekale, imelo ya sukulu ija sindikudziwa ngati ikutsegukabe, pasiwedi ndinaiwala. Ndakhuthula kale makatoni awiri omwe sitinamasule chisamukireni, ndapeza ma risiti a Costco, khadi la katemera la mwana, chitenje chomwe ndimachifuna chaka chatha, ndi kope la bayoloje lomwe lili ndi chithunzi cha selo chomwe ndinajambula ndekha ndi mapensulo a mwana, mitochondria ndinaipaka yofiira. Silabasi palibe. Ndakhala pansi pa kapeti ndi kope limenelo mwina mphindi 20, osawerenga, kungolisisita.

Chomwe chikundivuta kwambiri si ndalama kapena GOVT 2306. Ndi amayi. Loweruka lapitali pa WhatsApp anandifunsa kuti mwanawe, za sukuluzo zitha liti, ndikufuna ndidzaone chithunzi cha chipewa chija ndisanafe. Ndinati chaka cha mawa chakumapeto amayi, mwatsala pang'ono kuvina. Anauza kale a mvano onse, ndikudziwa. Ndiwafotokozera bwanji za kota ndi semesita munthu yemwe kwa iye sukulu ndi kukhoza kapena kulephera basi? Ndikati andichotsera, aziti unalakwa chani. Ndikati sindinalakwe, aziti ndiye akuchotseranji. Ndipo funso limenelo ineyo ndalifunsa tsiku lonse.

Mayi uja anandipatsa fomu ya apilo, anati kemisitiri musavutike nayo koma bayoloje ndi hisitole ija yesani, nthawi zina amasintha maganizo. Fomuyo ili apa, yadontheredwa kale tiyi pakona. Mawa ndikaweruka ndiimbira ofesi ya ku Washington ija, kumeneko amakhala m'mbuyo ndi maola awiri ndiye ndiyenera kudikira mpaka 10 koloko ndisanagone, kaya ndikwanitsa. Mphunzitsi wa bayoloje uja anali wachikulire ndithu, kaya akadalipo kaya anapuma.

Galimoto yalowa panja. Yunifomu sindinasite.