Chimbudzi chachitsanzo cha a Tcheya

Nditapuma pantchito ya uphunzitsi ndinabwerera kwathu ku Nkhotakota ndi zinthu ziwiri zimene boma silinandiuze kuti ndibweze, zomwe ndi mawu okweza komanso chizolowezi chouza anthu zochita. Kwa zaka 31 ndinali ndi ana ondimvera m'mawa uliwonse, ndipo mwadzidzidzi ndinapezeka ndili pakhonde ndikulangiza nkhuku. N'chifukwa chake a gulupu ataitanitsa msonkhano wosankha komiti ya ukhondo ya mudzi wathu wa m'mbali mwa nyanja, ndinafika woyamba nditavala jekete, ndipo udindo wa wapampando ndinaukana kawiri kokha, monga mwa ulemu, ndisanaulandire ndi manja awiri. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka a Tcheya.

Nkhani ya ukhondo nthawi imeneyo sinali yosewera nayo. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Marichi 2022 inayenda doko ndi doko, ndipo m'chaka cha 2023 chiwerengero cha anthu omwalira m'dziko muno chinapitirira 1,700. Ife a kunyanja tinkatchulidwa pa wailesi kawirikawiri, ndipo zifukwa zake tinkazidziwa. Usipa ukagwa, padoko pamadzaza asodzi ndi ogula nsomba ochokera kutali amene amagona pamchenga pomwepo, ndipo madzi amene wina akutsukira nsomba ndi omwewo amene wina akuchapira, kusamba ndi kutunga akumwa. Alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kugawa kulorini, ndipo akukhonsolo anapempha kuti midzi ikhazikitse malamulo ake okhudza zimbudzi.

Pamsonkhano wokonza malamulowo anthu anagwirizana msanga kuti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi, chivindikiro chapadzenje, ndi mpondagiya wosambira m'manja. Atafika pa chindapusa, ambiri anati K2,000 inali yokwanira. Apa ndi pamene ndinaimirira. Ndinalankhula mpaka mthunzi wa mtengo unatisiya padzuwa, ndipo anthu anavomera K10,000 osati chifukwa chokhutira ndi mfundo zanga koma chifukwa nsima inali kuzizira kunyumba. Ndinawonjezeranso ndime imene ndinkainyadira kwambiri, yakuti dzina la aliyense wopezeka wopanda chimbudzi liziwerengedwa mokweza pamsonkhano wa mudzi, ndipo wowerenga wake azikhala wapampando mwiniwake.

Woyamba kugwa m'lamulolo anali mnansi wanga, msodzi wa chilimila amene chimbudzi chake chinali chitatitimira ndi mvula. Anabwera kwathu madzulo, nakhala pansi chipewa chili m'manja, nati, "Aphunzitsi, ine sindinakane kukumba. Ndakumba katatu, koma mchenga ndi umene ukundilakwira." Ndinamuyankha kuti lamulo silidziwa mchenga. Anagulitsa beseni la usipa n'kulipira, dzina lake ndinaliwerenga motsindika chilembo chilichonse, ndipo sabata yotsatira anakumba dzenje lozungulira n'kulowetsamo nsungwi zolukidwa ngati nkhokwe kuti zigwire mchenga. Pamwamba anazinga ndi udzu basi. Ndinachiyang'ana chinthucho ndili kuseri kwa mpanda, ndipo ndinauza mayi akunyumba kuti wapampando wa komiti sangakhale moyandikana ndi chimbudzi chooneka ngati chisa cha namzeze popanda kuonetsa anthu mmene chimbudzi chenicheni chimakhalira.

Ndinaitana mmisiri, ndipo iye atapondaponda pamalopo anandiuza mosabisa kuti dzenje la kunyanja limafuna kumangira njerwa kuyambira pansi mpaka pamwamba, chifukwa mchenga ukanyowa umagumuka m'mbali, ndipo chimene chili pamwamba chimatsala chilibe potsamira. Anatchula matumba a simenti amene ankafunika. Apa n'kuti ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa simenti unali utathawa penshoni yanga n'kuisiya kutali. Ndinawerengera papepala monga mphunzitsi wa masamu, ndipo ndinapeza kuti ndalama zanga zikanakwanira kukongoletsa chimodzi mwa ziwiri, pansi kapena pamwamba. Ndinadzifunsa kuti kodi ndi mlendo uti amene anasuzumirapo m'dzenje la mwini n'kuyamikira kamangidwe ka njerwa. Choncho njerwa zonse zinapita kuchipupa, denga linakhala la malata, chitseko ndinachipaka penti yobiriwira, ndipo padzenjepo tinagoneka mitengo, kuiphimba ndi dothi, n'kutsungula simenti yopyapyala ngati nkhoko za nsima. Mmisiriyo anandipempha chinthu chimodzi chokha, chakuti ndisauze munthu kuti anamanga ndi iyeyo. Ine ndinayesa kuti akungodzichepetsa.

Mayi akunyumba anachizungulira kamodzi chitatha, nati, "Bambo, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Ndinawakumbutsa kuti kuno ku Nkhotakota mkuyu ndi mtengo wolemekezeka, popeza alendo amabwera kuchokera kunja kudzaona umene David Livingstone anakhala patsinde pake m'zaka za m'ma 1860, ndipo palibe amene amafunsa za nyerere. Iwo sanayankhe, anangobwerera kukasankha mpunga.

Chimbudzi chakale ndinachikwirira chifukwa chinkaipitsa malo. Chatsopanocho ndinachikhoma loko, kiyi n'kuika m'thumba la jekete, ndipo ndinalamula kuti pasapezeke wochigwiritsa ntchito mpaka akuluakulu atachiona chili chatsopano. Kumene banja langa linkapita m'masabata atatu amenewo sindinafunse, ndipo kumene ine ndinkapita ndi nkhani ya pakati pa ine ndi sukulu ina imene mlonda wake ndinamuphunzitsa sitandade 5.

Tsiku loyendera makomo linaikidwa Lachisanu lachiwiri la mwezi wa Epulo 2024, kuti ligwirizane ndi tsiku losesa limene Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa mu Novembala 2020, lomwe kwathu tinkalikumbukira makamaka kukamabwera alendo. Chaka chimenecho nyanja inakwera kwambiri, moti inameza mchenga umene tinkayanikapo nsomba n'kulowa m'malo ogona alendo ena a m'mbali mwake. Aliyense ankaona madzi amene ankabwera pamwamba, koma ine sindinaganize kuti madzi omwewo ankakweranso pansi pa nthaka, mwakachetechete, kulunjika kudzenje langa. Usiku wa Lachinayi kunagwanso mvula yamphamvu.

Tinayamba masana, anzathu atatuluka kumzikiti. Panali a khansala a dera lathu, mayi wina wa zaumoyo wochokera kukhonsolo atanyamula kaundula, a gulupu ndi nduna zawo, mamembala a komiti, ndiponso ana osawerengeka amene amatsata chilichonse choyenda pamzere. Ine ndinali patsogolo ndi chimkuzamawu cha mabatire chimene tinabwereka, lamba wake ndili nditakoleka m'khosi. Tinayendera makomo angapo, ndipo paliponse ndinapezapo chodzudzula. Pakhomo la mnansi wanga msodzi, mayi wa zaumoyo uja anaima nthawi yaitali kuyamikira nsungwi zija, koma ndinawafulumizitsa ndi mawu akuti zabwino zili kutsogolo.

Titafika kwathu ndinatsegula loko pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Amayi ena analulutira. A khansala anagwedeza mutu nati chimbudzi chimenechi chikuposa nyumba zina zimene iwo anagonamo pa nthawi ya kampeni. Ndinaonetsa mpondagiya, n'kuponda kamtengo kake kuti madzi atuluke, ndinaonetsa sopo womangirira pachingwe, ndiponso chivindikiro chokhala ndi chogwirira chosema. Zikanathera pomwepo, bwenzi lero ndikulemba nkhani ina. Koma mayi wa zaumoyo uja, amene anali munthu wodziwa ntchito yake, anafunsa mofatsa kuti, "Nanga a Tcheya, m'dzenjemo munamangira chiyani?"

Funso limenelo likanayankhidwa ndi mawu amodzi achilungamo, koma ine ndinasankha kuliyankha ndi chionetsero. Ndinalowa m'kati, n'kutembenukira anthu, n'kukweza chimkuzamawu, ndipo ndinalengeza kuti pamene ndaima apa ngakhale mvuu itaimapo sipangachitike kanthu. Ndinaponda ndi mwendo wamanja, ndipo pansi panayankha ndi kaphokoso kamene ndinakamva ndekha. Munthu wanzeru akanatuluka. Ine ndinaona kuti ana akumbuyo sanaone bwino, choncho ndinadumpha ndi miyendo yonse iwiri.

Sindinagwe mwaphokoso monga ena amafotokozera masiku ano. Ndinatsika mwaulemu, pang'onopang'ono, pamodzi ndi simenti, mitengo ndi chivindikiro, nkhope za alendo zikukwera m'mwamba pamaso panga, kuyambira a khansala mpaka kamwana kakang'ono kamene kanali kutsogolo, komwe kanandibayibitsa. Kenaka mitengo inapatukana ndipo ndinapezeka m'madzi ozizira ofika pachifuwa, miyendo itazama m'mchenga, achule awiri akundiyang'ana ngati ndalowa popanda odi. Chipupa, malata ndi chitseko chobiriwira zinatsala chilili pamwamba, zokongola monga kale.

Chimene sindinadziwe n'chakuti chala changa chinali chitakanirira pabatani la chimkuzamawu, chimene ndinachikweza m'mwamba kuti chisanyowe popeza chinali chobwereka. Dzenje limakuza mawu palokha, ndiye mukaphatikiza ndi makina, zotsatira zake zimamveka mpaka kudoko. Anthu amene ankasoka maukonde kumeneko amanenetsa kuti anamva wapampando wa komiti ya ukhondo akuitana mayi ake, amene anamwalira kalekale, kenaka akulonjeza Mulungu zinthu zingapo zimene mpaka lero sanakwaniritse. Ine ndimakumbukira kuti ndinangopempha chingwe modekha, koma mboni zachuluka mbali inayo.

Pamwamba panayamba msonkhano. A gulupu analetsa anthu kuyandikira kuopa kuti mchenga ungandikwirire, zomwe zinali zoona. Wina anabweretsa makwerero, koma anangomira m'matope. Mlembi wa komiti yathu, mnyamata wokhulupirika kwambiri, anasuzumira n'kundifunsa ngati zimenezi azilembe m'maminitsi. Ndili m'menemo ndinamva mayi wa zaumoyo akufunsa mayi akunyumba ngati chimbudzicho chinagwirapo ntchito, chifukwa zikanatero pakanafunika kulorini wambiri ndi ulendo wa kuchipatala. Mayi akunyumba anayankha mokweza, kuti aliyense amve, kuti mwamwayi bambo anachikhoma loko chimangireni, ndipo kwa masabata atatu iwo ndi adzukulu akhala akupempha kwa a neba. Panakhala bata lalikulu, ndipo m'bata limenelo ndinamva pepala la kaundula likutembenuzidwa.

Amene anandivuula ndi a neba omwewo. Anabwera ndi chingwe cha chilimila ndi anyamata ake asanu ndi mmodzi, anagoneka mtengo wautali pakhomo la chimbudzi, nandiponyera chingwe kuti ndidzimange m'khwapa. Asanayambe kukoka anasuzumira nati, "Aphunzitsi, pepanitu. Mchenga uwu sudziwa lamulo." Kenaka anyamatawo anayambitsa nyimbo yokokera khoka, ana onse n'kumavomera, ndipo ndinatuluka pang'onopang'ono, choyamba chimkuzamawu, kenaka mutu, kenaka jekete, pomaliza mapazi opanda nsapato, chifukwa nsapato zanga za kutchalitchi zinasankha kutsalira. Mmodzi wa anyamatawo anati chiyambire usodzi sanakokepo kampango wovala tayi. A khansala anayesetsa kudzigwira, koma anakathera kuseri kwa mtengo wa mango, mapewa akugwedezeka.

Mayi wa zaumoyo sanaseke ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho chinandipweteka koposa kuseka kwa ena onse. Anandifunsa ngati ndavulala, ndipo nditati ayi, anagwiritsa ntchito dzenje langalo pophunzitsa anthu kwa theka la ola, ine nditaima pambali ndikudontha madzi ngati chithunzi cha m'buku. Anaonetsa mmene mchenga unagumukira pansi pa mitengo, nafotokoza kuti kumalo kumene madzi ali pafupi dzenje liyenera kukhala lozungulira, lomangira m'mbali, lotalikirana ndi chitsime, ndipo ngati n'kotheka lokwezedwa pamwamba pa nthaka. Kenaka anatenga gulu lonse kubwerera nalo kwa a neba kukaonanso nsungwi zija. M'kaundula, pamzere wa khomo langa, analemba mawu awiri okha akuti alibe chimbudzi.

Msonkhano wa mudzi unachitika Lamlungu masana, ndipo sindinaonepo anthu ochuluka chotero pamsonkhano wopanda chakudya. Ndinayesa kupereka pepala la mayina kwa wachiwiri wanga ponena kuti pakhosi pandikanda chifukwa cha madzi ozizira aja, koma a gulupu anatsegula kope la malamulo n'kuwerenga ndime yakuti wowerenga azikhala wapampando mwiniwake, naonjezera kuti kalembedwe kake n'kokongola ndipo akukazindikira. Papepalapo panali dzina limodzi lokha. Ndinaliwerenga motsitsa, ndipo gogo wina wakumbuyo anati sanamve, choncho anandipatsa chimkuzamawu chija, chomwe chinali chitauma ndipo chinkagwira ntchito bwinobwino. K10,000 ndinaipereka pomwepo kwa msungichuma, amene anaiwerenga kawiri n'kundilembera lisiti.

Ndinapempha kutula pansi udindo, koma mudzi wonse unakana, ati palibe wina amene akulidziwa dzenje kuchokera m'kati monga ine. Mmisiri uja anabweranso, ndipo ulendo uno anayamba ndi kupasula chipupa kuti njerwa zake zilowe pansi, moti chimbudzi chatsopanocho tinachizinga ndi udzu. Ntchitoyo inatenga masabata awiri, ndipo m'mawa uliwonse wa masabata amenewo ndinkadutsa pampata wa mpanda, n'kuodira kwa a neba. Iwo ankakhala ali pakhonde akusoka ukonde, ndipo osadzutsa n'komwe mutu ankati, "Lowani a Tcheya, koma musadumphe, ndipo mukatha mubwezere chivindikiro."